Ndinamaliza Ndekha Gemu Imene Tinayamba Awiri

Ine ndine munthu wopsa mtima msanga ndipo sindibisa. Othyola tiyi amene ndimawayang'anira pa esiteti ina kuno ku Thyolo amadziwa, mkazi wanga amadziwa, ngakhale agalu a kumalayini a nyumba za antchito amadziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira khalidwe limeneli, ndikumati munthu wosabisa mawu amakhala wotero. Lero ndikuvomera pamaso panu kuti mtima umenewu unanditayitsa achimwene anga iwo akadali ndi moyo, ndipo zonse zinachitikira pa galasi la foni.

Inu owerenga, musafulumire kuganiza kuti iyi ndi nkhani ija ya bambo woiwala abale ake chifukwa cha masewera a pafoni. Ayi. Gemu imene ndikunenayi ndi imene inandibweza kwa achimwene patapita zaka tikungokumana pamaliro. Inali mankhwala. Amene anawononga mankhwalawo ndine.

Amuna tinabadwa awiri, ndipo achimwene ankandiposa ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo athu atamwalira, iwo anasiya sukulu ali Sitandade 7 n'kukalembedwa ntchito yodulira tiyi kuti ine ndifike ku sekondale. Kudulira si ntchito ya aliyense. M'miyezi yozizira munthu amalowa m'munda ndi mpeni wokhota, dzanja lamanzere likugwira nthambi, lamanja likudula, mpaka mitengo yonse ifanane pamwamba ngati tebulo. Dzanja lawo lamanzere likakugwira pamkono sunkapulumuka. Ndikudziwa bwino chifukwa ndi limene linkandikoka pa ndewu zonse zimene ndinkayamba. Ndi iwonso amene anandipatsa dzina loti Tsabola, ndipo palibe wina aliyense amene ndinkamulola kundiitana choncho.

Ndili Fomu 2, bambo wina amene anabwera kuchokera ku Joni anatsegula kashopu ku Luchenza. Munali TV yaing'ono, batire ya galimoto ndi kamakina kolowetsamo makaseti a magemu. Loweruka masana achimwene akaweruka ankanditenga pa njinga kupita kumeneko. Panali gemu imodzi imene inatitenga mtima. Munali kamunthu kovala chipewa, konyamula nyali ndi lupanga, kakufunafuna belu la m'mudzi mwawo limene linabedwa. Kankadutsa m'nkhalango ya mitengo ya makona, m'mapanga ndi m'mabwinja kakulimbana ndi mileme, ndipo kankayenera kutsegula zipata zisanu ndi ziwiri. Dzina lake lenileni sitinkalisamala, ife tinkangoti Kanyali. Kanali ndi miyoyo itatu basi, ikatha unkayambiranso pachiyambi penipeni.

Katswiri anali achimwene. Munthu wa zala zokhakhala ngati makungwa, koma akagwira mabatani aja anyamata a m'tauni ankangoti kukamwa yasa. Ine ndinkangofa pachipata choyamba n'kumatukwana makinawo. Iwo anafika mpaka pamlatho wa matabwa okugwa umene uli kutsogolo kwa chipata cha faifi, ndipo anagwerapo kambirimbiri. Asanauwoloke, makina aja anapsa ndipo mwini wake anasandutsa kashopuko malo ometera. Tikubwerera tsiku limenelo, ine ndili pakaliyala, anandiuza kuti tsiku lina tidzaona chimene chili kuseri kwa chipata cha seveni. Ndinaseka, n'kuiwala.

Kenako moyo unatigawa. Iwo anakwatira ku Masambanjati n'kukakhala kwawo kwa mkazi monga timachitira kuno. Ine ndinakwera mpaka kukhala kapitawo. Sitinayambane, koma ndinayamba kudziona ngati wotanganidwa kwambiri. Pankatha chaka osapondako.

Zaka ziwiri zapitazo, m'nyengo yodulira, achimwene anagwa pakati pa mizere ya tiyi mpeni uli m'manja. Anawatengera kuchipatala ku Makwasa ndipo madokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanzere ndi imene inafa. Patapita masabata pakamwa panawongoka, mwendo unayamba kukokeka pang'onopang'ono, koma dzanja lija linkangolendewera ngati nsanza. Mayi wina wophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito ziwalo anawauza kuti dzanjalo likhoza kubwerera akamalivutitsa tsiku ndi tsiku, makamaka m'miyezi yoyambirira. Anawapatsa ntchito yotola nandolo m'mbale ina kuika m'mbale ina. Achimwene anachita masiku awiri n'kukankhira mbale kutali. Anati iwo si nkhuku.

Pamenepa mumvetse chinthu chimodzi, makamaka inu amene kwanu mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Ulemu wa mkamwini uli m'manja mwake. Amalima, amafolera nyumba, amadula nthochi, pamaliro amagwira khasu. Manja akafa, munthu amadziona ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Palibe amene ankawanyoza achimwene, ndipo alamu anga ndi mayi wa mtima wabwino, koma iwo ankadzimva okha. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana nthochi tsiku lonse. Munthu wotere chimene chimamukweza mutu ndi kuona m'bale wake wa bere limodzi akutsika njinga pabwalo, kuti anthu a pamudzipo adziwe kuti nayenso ali ndi kwawo.

Tsiku lina tili pashedi yoyezera masamba ndinamva kanyimbo kolira ngati nkhululu kakuchokera m'foni ya dalaivala wa thalakitala. Kanali ka Kanyali. Dalaivalayo anandiuza kuti magemu akale onse aja masiku ano amalowa m'foni, ndipo ananditumizira pomwepo. Zonse zinali momwemo, mitengo ya makona ija, mileme ija, kanyali kaja. Chosiyana chinali choti mabatani anali ongojambula pagalasi. Kumanzere kunali kabwalo koyendetsera kamunthu, kumanja timabwalo tiwiri, kena kolumphira kena komenyera lupanga. Chinanso, foni inkasunga yokha pamene wafika ukangodutsa chipata, moti sunkayambiranso pachiyambi.

Lamulungu lotsatira ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Masambanjati. Nditapereka moni sindinalankhule zambiri, ndinangotsegula kanyimbo kaja. Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono n'kutambasula dzanja lamanja kufuna foniyo. Anayesa kusewera ndi dzanja limodzi koma sizinatheke, chifukwa gemuyo imafuna zala zazikulu ziwiri nthawi imodzi. Ndiye anandiuza kuti, "Iwe Tsabola, gwira lupanga, ine ndiziyenda."

Ankafuna kuyendetsa ndi dzanja lamanja, koma alamu, amene ankasenda chinangwa chapafupi, anakana. Anati kabwaloko kali kumanzere ndiye kakufuna dzanja lamanzere, apo ayi foniyo ibwerere m'thumba mwa mwini wake. Anakangana pang'ono, achimwene akuti mkaziyu wasanduka dokotala wopanda satifiketi, koma anagonja. Alamu anabweretsa thabwa, tinaliika pamaondo athu titakhala moyandikana pabenchi, foni pakati. Achimwene ananyamula dzanja lawo lamanzere ndi lamanja n'kukhazika chala chachikulu pagalasi. Kamunthu kaja kanayenda molunjika n'kukagwera m'dzenje loyamba. Anaseka mpaka kutsokomola. Alamu anandiuza pambuyo pake kuti kanali koyamba kumva kuseka kwawo chigwereni m'munda muja.

Tsiku lomwelo achimwene anandilumbiritsa. Foni ndi yanga, ndizipita nayo, koma kamunthuko kazigona pamene takasiya mpaka Lamulungu. Palibe kupitirira wina palibe. Ndinavomera pamaso pa alamu, ndipo ndinkanena zoona panthawiyo.

Inu owerenga, miyezi itatu imene inatsatira ndi imene ndinakhala munthu wosangalala koposa chikulireni. Poyamba achimwene ankachita kukankha chala chodwalacho ndi dzanja linalo. Lamulungu lachinayi chinasuntha chokha, pang'ono chabe, ngati mbozi, koma tonse tinaona. Galasi la foni silifuna mphamvu, limangofuna kuti ulikhudze, ndiye chala chimene sichikanatha kukanikiza batani lenileni chinkatha kuyendetsa kamunthu. Tinadutsa chipata chachiwiri, kenako chachitatu. Mwezi wachitatu anagwira kapu ya tiyi ndi dzanja lija mpaka kufikitsa pakamwa, theka litatayikira pamalaya. Anthu oyandikana nawo anayamba kumabwera kudzaonerera madoda awiri a imvi akulimbana ndi mileme. Ndikalephera kulumpha achimwene ankafunsa anthuwo kuti kapitawo wanji wosatha kudumpha ngalande. Ine ndinkatsonya, iwo n'kumaseka. Alamu ankatiphikira kalongonda, ndipo tinkadya foni ikutchajidwa kwa aneba a sola.

Tinadutsa chipata cha folo Lamulungu lina batire itatsala pang'ono kuzima. Kutsogolo kwake kunali mlatho uja. Achimwene anati tisauyambe ndi batire yotopa, mlatho umenewu wawadikira zaka pafupifupi makumi atatu, ukhoza kudikiranso sabata imodzi. Mlathowo sufuna lupanga kwenikweni, umafuna woyenda wodziwa poima ndi pothamanga. Inali ntchito yawo. Anandiperekeza mpaka pamsewu akukoka mwendo, akundiwerengera mmene ankaukumbukirira: matabwa atatu, kuima, awiri, kuima, kenako kuthamanga osacheuka.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitika Lachitatu la sabata imeneyo. Kunagwa chiperoni, nkhungu ili thoo, ndipo thalakitala yodzatenga masamba inatitimira kwinakwake. Tinakhala pashedi maola awiri tikungoyang'anana. Ndinatulutsa foni n'kudziuza kuti ndingouona mlathowo, ndidziwe polumpha kuti Lamulungu ndisakawachititse manyazi. Ndinagwa kanayi. Magazi anandikwera kumutu. Kagemu ka ana kandigonjetse ine? Ulendo wachisanu ndinatsatira mawerengedwe a achimwene aja, ndipo ndinangoona ndawoloka, chipata cha faifi chikutseguka, foni n'kusunga yokha.

Ndikanatha kuyambiranso gemu yonse n'kukaimika kamunthuko pamene tinakasiya, masiku analipo. Ndikanathanso kungopita n'kukanena zoona. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Kunena mosabisa, ndinkanyadira. Mlatho umene unakanika katswiri ndinauwoloka ine, Tsabola wofa pachipata choyamba uja.

Lamulungu ndinapeza achimwene atameta ndevu, thabwa lili kale pamaondo. Pakhonde panali alamu, aneba awiri ndi amalume awo a alamu, mkulu amene amayang'anira mbumba yonse ya pamudzipo. Achimwene anali atawaitana dala kuti adzaone mkamwini wawo akuwoloka mlatho ndi dzanja limene anthu ankati lafa. Nditatsegula foni, kamunthu kanali m'phanga la madzi. Anandifunsa kuti mlatho uli kuti. Ndinayankha kuti zikuoneka kuti a pafoniwa anauchotsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chala pagalasi.

Phanga limenelo ndi loipa. Madzi amakwera kuchokera pansi, ndipo woyenda amayenera kutembenuka msangamsanga, kumanja, kumanzere, kumanjanso. Chala cha achimwene chinali chitaphunzira kupita mbali imodzi ndi kuima, osati kutembenuka mwa liwiro lotero. Tinamira. Tinayambiranso, tinamiranso. Thukuta linayamba kuwatsika m'khosi. Anthu aja anasiya kuseka. Ine sabata imeneyo manejala anali atandikalipira pamaso pa othyola chifukwa cha masamba okhwima, koma sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, poti achimwene sanathyole tsamba ndi limodzi lomwe. Titamira kachisanu ndi chinayi, malo otulukira akuonekera, ndinakankha dzanja lawo n'kukuwa kuti, "Chotsani chinthu chakufachi apa! Mukungondiphetsa!"

Dzanjalo linagwa pathabwa n'kulendewera m'mbali mwa benchi. Amalume aja anayang'ana pansi n'kuyamba kufufuza fodya m'thumba. Achimwene analitola ndi dzanja lamanja, analiika pamiyendo n'kulisisita ngati khanda. Dzanja limene linagwira nthambi za tiyi zaka zonse kuti ine ndikhale m'kalasi, ndinalitchula chinthu chakufa, pamaso pa akuchikazi awo, pamudzi pamene ine ndinkayenera kukhala wowakweza mutu. Ndinaimirira n'kuponya foni m'thumba. Ndikutsika pakhonde anandiuza motsitsa mawu kuti, "Upite bwino, Tsabola. Ubwere Lamulungu."

Sindinapite. Amene muli ndi mtima ngati wanga mukudziwa kuti manyazi athu sachedwa kusanduka mkwiyo. Pofika kunyumba ndinali nditapeza kale zifukwa: anaitaniranji anthu, alamu anaumiriranji dzanja lodwala, ndani sapsa mtima. Mkazi wanga atamva anandiuza kuti ndidzuke m'mawa ndikagwade, ine n'kumuuza kuti za kwathu zisamukhudze. Alamu anandiflasha kawiri Lamulungu limenelo, kawirinso Lamulungu linalo. Sindinaimbe.

Mawu oti pepani sanatulukepo m'kamwa mwanga chibadwireni. Ndikalakwira mkazi wanga ndimabwera ndi chitenje, ndikalakwira wantchito ndimamupatsa mzere wa masamba ambiri. Ndiye ndinaganiza zowapepesa achimwene m'njira yomweyo. Ndinati ndimalize gemuyo ndekha, ndiwapititsire mathero ake ngati mphatso, aone chimene chili kuseri kwa chipata cha seveni osavutikanso ndi chala. M'mutu mwangamu zinkamveka ngati chikondi. Nthawi yopuma iliyonse ndinkakhala pansi pa bulugamu kumenyana ndi galasi. Zinanditengera masabata asanu. Tsiku limene ndinatsegula chipata chomaliza, kamunthu kanapachika belu pamtengo n'kuliliza, tianthu ta m'mudzi tinatuluka n'kumadumphadumpha, kenako panabwera mayina a amene anapanga gemuyo. Sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinakhala pansi pa mtengo paja ndikudabwa kuti bwanji sindikumva kukoma.

Lamulungu ndinagula shuga, buledi ndi nsomba zouma n'kunyamuka. Achimwene anandionera patali ndikutsika njinga, ndipo ndinawamva akuitana alamu kuti abweretse thabwa msanga. Pamene ndinkafika pakhonde anali atasendera kale kumapeto kwa benchi kundisiyira malo anga a kumanja. Nkhope yawo inali yowala. Za tsiku lija sanatchule. Anatambasula dzanja lamanzere lokha, popanda kulithandiza, n'kuliika pathabwa.

Ine wopusa sindinaone chimene ankandionetsa. Ndinatulutsa foni monyadira n'kuwauza kuti asavutikenso, ndamaliza yonse, ndabwera kudzawaonetsa za kuseri kwa chipata cha seveni.

Achimwene anabweza dzanja lija pamiyendo, anachotsa thabwa n'kulitsamiritsa kukhoma. Anati, "Mwamaliza, a kapitawo? Mwachita bwino."

Chibadwireni anali asananditchulepo inu. Ndinawakankhira foni kuti aone, iwo anati maso akuwawawa ndi kuwala kwa galasi, mwina tsiku lina. Anafunsa za mkazi wanga, za ana, za mvula ku esiteti, mwaulemu wonse ngati akulankhula ndi mlendo wa boma. Ndipo inu owerenga, ndikuuzeni kuipa kwanga mpaka pansi pake: ndinachoka pamenepo nditakwiya. Mumsewu ndinkadziuza kuti munthuyu ndi wosayamika, masabata asanu ndikuvutikira iye.

Ndinapitakonso patatha masabata awiri, mtima utatsika, n'kuwapempha kuti tiyambirenso pachiyambi. Anamwetulira n'kunena kuti zimenezo n'za ana, tizisiye. Ndinapitabe maulendo ena angapo. Ulendo uliwonse ndinkapeza dzanja lija litapindika kuposa kale, zala zikulowa m'chikhatho. Kapu anabwerera kuigwira ndi lamanja. Dzina loti Tsabola sindinalimvenso. Ndinkakhala nawo ola lathunthu mawu oti pepani ali pakhosi, koma ndinkangokamba za mitengo ya feteleza mpaka nthawi yotsanzika.

Mvula itafika pakati, sitiroko inawagwiranso ali pakhonde pomwepo. Ulendo uno inatenga ndi mawu omwe. Anakhala m'chipatala masiku atatu. Ndinakhala pambali pa bedi nditagwira dzanja lamanzere lija, louma ngati muzu, ndipo m'pamene ndinanena pepani, kambirimbiri, mokweza, odwala ena akundiyang'ana. Maso awo anali otsegula koma sindikudziwa ngati ankamva. Madokotala ndi anamwino anayesetsa mbali yawo. Tsiku lachitatu masana anatisiya.

Mwambo wa maliro utatha, akuchikazi anatiitana ife akuchimuna kuti atipatse katundu wa m'bale wathu monga zimakhalira. Panali jekete, nsapato za jombo, wailesi ndi mpeni wokhota uja. Anthu atabalalika, alamu anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kumasula kanthu pa mfundo ya chitenje. Kanali kachidutswa ka katoni ya sopo, kodulidwa bwinobwino kukula ngati foni yanga. Kumanzere kwake kunali kabwalo kojambula ndi bolopeni, ndipo pakati pa kabwaloko katoniyo inali itaperepeseka mpaka kubooka. Kumanja kunali timabwalo tiwiri, toyera ngati tajambulidwa dzulo.

Alamu anandiuza kuti achimwene anadula katoniyo sabata yoyamba yomwe ija. Masiku onse amene ine ndinkakhala ku esiteti ndi foni, iwo ankakhala pakhonde ndi katoni pathabwa, kuyendetsa chala kuyambira m'mawa, kukonzekera Lamulungu. Ndinafunsa za timabwalo ta kumanjato. Anati mbali imeneyo sankaikhudza, ankati ndi ya Tsabola.

Ndinafunsa ngati anasiya tsiku limene ndinawatukwana lija. Alamu anapukusa mutu. Anati tsiku limenelo ine nditangochoka, amalume aja anayamba kundinena, koma achimwene anawaletsa, amvekere mwanayo anabadwa choncho, pakamwa pokha, mumtima mulibe kanthu. Za mlatho ankadziwanso kuti ndinanama. Anauza alamu kuti, "Wawoloka yekha, palibe kanthu. Cha seveni tikatsegula limodzi." Masabata asanu onse amene ine ndinasowa, iwo ankaphunzitsa chala kutembenuka msanga, kumanja, kumanzere, kumanjanso, kuti ndikadzabwera tisadzamirenso m'phanga muja. Bowo lija linabooka m'masabata amenewo. Lamulungu lililonse ankameta ndevu n'kukhala moyang'ana kumsewu.

"Anasiya tsiku limene munabwera kudzanena kuti mwamaliza, alamu," anatero mayiwo. "Madzulo ake anandipatsa katoniyi kuti ndisonkhere moto. Ine ndinaibisa."

Sananene mokalipa, ndipo bola akanandikalipira. Ndinakhala pansi padothi lonyowa, bambo wamkulu, kapitawo woopedwa ndi anthu, n'kulira mokweza kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Sindikunena kuti ndinawapha achimwene. Matendawo mwina akanabwerabe. Koma dzanja lija linali panjira yobwerera, ndipo munthu amene anaitseka njirayo ndikumudziwa. Iwo mathero a gemu sankawafuna. Ankafuna chifukwa chodzukira m'mawa ndi kuvutitsa chala, ankafuna mng'ono wawo pabenchi, ankafuna kuti pakhale chinthu chimodzi padziko chimene sichingayende popanda dzanja lawo lamanzere. Ine ndinapita kukawaonetsa kuti chimayenda bwinobwino popanda iwo, n'kumayembekezera kuti andithokoze.

Ndiye inu owerenga, makamaka abambo anzanga a mtima wapachala, ndimvereni. Ngati pali chinthu chimene mukuchita limodzi ndi munthu wodwala, wokalamba kapena wochedwa, kaya ndi gemu, kaya ndi kupalira mzere umodzi wa chimanga, musamuchitire kuti chithe msanga. Kuchedwa kwakeko ndiye ntchito imene mwabwerera. Mukalonjeza kudikira, dikirani, ngakhale palibe amene akukuonani. Mukalakwa pitani mawa lomwe, manja ali lende, mukanene ndi pakamwa. Shuga ndi nsomba sizilankhula. Ndipo musamadzitonthoze kuti abale anu anakuzolowerani. Achimwene anandikhululukira pakamwa panga ndisanapemphe n'komwe, koma zimenezo sizinandipulumutse, chifukwa munthu wozolowera kukhululukiridwa amasiya kuyang'ana nkhope za anthu.

Katoni ija ndimayenda nayo m'thumba la malaya, kuseri kwa foni. Gemu sindinaifufute. Ndinaiyambitsanso pachiyambi, ndipo nthawi zina popuma ndimakhala pansi pa bulugamu uja n'kuitsegula. Kumanzere sindikhudzako, si mbali yanga. Ndimangodina timabwalo tanga tiwiri ta kumanja. Kamunthu kaja kamalumpha, kamatema mphepo ndi lupanga, kamalumphanso, kali pamalo amodzimodzi pakhomo la nkhalango, nyali ili m'manja, kudikira woti akayendetse.